Mmene Matenda Anandipezera Ndikuluka Tsitsi

Wokondedwa mng'ono wanga Chitsirizira,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, iwe pamodzi ndi mlendo wako ali m'njirayo. Kodi miyendo ija yasiya kutupa? Nanga tulo ukupeza, poti mimba ikafika pamenepo palibenso mbali imene imakoma kugonera? Amayi ali bwanji, bondo lija likuwalola kuyenda? Ife kuno tadzuka bwino, ine, alamu ako ndi mwana.

Tsiku lija ndinakuimbira pafoni ya amuna ako ndinangoti ndachira, mwana wamkazi, basi. Sindikanatha kunena zambiri. Ndinkamva kuti anthu aunjirira foniyo, ndipo chifuwa cha amalume ndinachizindikira chikutsokomola chapafupi. Zina sizikambika amuna ali chilili pomwepo. N'chifukwa chake ndati ndikhale pansi ndilembe. Kalatayi uyambe wawerenga wekha, kenako usankhe zowawerengera amayi.

Za kuno ndi zomwe zija. Madzi akumatuluka pampopi m'mawa mokha, ndiye ndi matewera a mwanayu alamu ako asanduka katswiri wa ndowa. Amayamba adzaza zonse, mpaka mapoto, asanapite kuntchito. Denga limadontha pakona pomwe panali bedi, moti tasunthira bedilo pafupi ndi chitseko, ndipo munthu polowa m'nyumba amayamba wapereka moni kwa miyendo yathu. Eni nyumba akungoti mawa, mawa. Chosangalatsa n'chakuti alamu ako apeza ntchito yopenta nyumba zatsopano kutsidya kwa tauni. Amabwera madzulo ali mawangamawanga ngati nkhanga, koma ntchitoyo iwasunga miyezi ingapo.

Tsono nkhani imene ndalembera ndi iyi. Ndisanapite ulendo weniweni, kuchipatala ndinabwezedwako kawiri, ndipo zimenezi sindinakuuzepo.

Koyamba kunali kumapeto kwa mwezi wachisanu ndi chitatu, pomwe uli iwe panopa. Linali Lamlungu masana, nditachapa mabulangete. Ndikuyanika, mimba inangouma gwa, ngati wina waimanga ndi lamba. Inamasuka, kenako n'kuumanso. Ndinakhala pansi pa chingwe pomwepo ndikuti basi nthawi yakwana. Alamu ako anathamanga ndi nsapato imodzi kukafuna galimoto, ine ndikukokera chikwama cha mwana chimene ndinali nditalongedza kalekale.

Anatilandira ndi mzamba wina wamfupi, wa magalasi, wolankhula mosathamanga. Anandiyeza, n'kumvetsera mtima wa mwana, kenako anandipatsa madzi kapu yaikulu n'kundiuza kuti ndigone chammbali. Posakhalitsa zonse zinali zii. Ndinachita manyazi, koma iye anakoka mpando n'kukhala. Anati chiberekero chimayamba chayeserera, monga amachitira anthu a kwaya tsiku loimba lisanafike. Zoyesererazo akuti zimabwera mwa apo ndi apo, zilibe dongosolo, zimagwira kutsogolo kokha, ndipo ukamwa madzi, ukakodza, ukapuma kapena kusintha kakhalidwe, zimatha zokha. Kawirikawiri zimabwera ukatopa kapena ukakhala ndi ludzu.

Matenda enieni akuti samva madzi, samva kugona. Amabwera, n'kupita, n'kubweranso motsatana bwinobwino, ndipo mpata wake umanka nuchepa pomwe ululu ukunka nukula. Kwa ambiri amayambira kumsana n'kuzungulira kudzafika pachinena, mpaka munthu amafika polephera kumaliza mawu amene wayamba. Anandigwiritsa nsonga ya mphuno yanga, n'kuti mimba yopuma imafewa chonchi. Kenako anandigwiritsa pamphumi, n'kuti ikagwira ntchito imalimba chonchi. Pomaliza anati ndikadzakayika ndidzabwere, chipatala sichitopa ndi munthu.

Kachiwiri kunali patangopita masiku ochepa. Nthawi imeneyo m'mimba munkapotokola ndithu, ndipo miyendo inkakokana. Ndinaimbira alamu ako ali pamakwerero. Anafika penti ili m'tsitsi, tinakwera takisi, chikwama pamiyendo. Tikulowa pageti la chipatala, ululu wonse unathawa ngati mbava yaona wapolisi. Mzamba yemwe uja anandiyeza n'kuti njira idakali yotseka, mwana ali bwino, ndibwerere ndikapume. Sanakwiye ngakhale pang'ono. Anati ndachita bwino kubwera.

Koma kunyumba kunali amayi apampopi. Ukudziwa mmene timakhalira kuno, nyumba zambiri pabwalo limodzi, khomo kuyang'anizana ndi khomo, moti ngakhale kuyetsemula kwako anthu amakudziwa. Atationa tikutsika ndi chikwama chija, aneba a khomo lachiwiri anafunsa mokweza ngati mwana tamuiwala kuchipatala. Wina anati chikwama changa chayenda kuposa mwini wake, posachedwa chiziyenda chokha. Mayi wina wachikulire ananena akutsuka mbale, osandiyang'ana, kuti atsikana a masiku ano amathamangira kwa adokotala ndi mpweya wa nyemba. Onse anaseka. Inenso ndinaseka nawo, koma nditalowa m'nyumba ndinalira.

Ndinakumbukanso mawu aja a amayi athu, akuti mkazi weniweni amaluma mano, sauza mudzi wonse. Mumtima ndinalumbira kuti ulendo wachitatu sindidzanyamuka mpaka nditatsimikiza.

Tsikulo linali Lachisanu, mwezi wachisanu ndi chinayi uli pakati, ndipo malinga ndi zakusikelo kunali kudakali masiku. Ndinadzuka msana ukulemera, ndipo pachinena pankapweteka mwakachetechete ngati tsiku loyamba la kumwezi. Pokasamba ndinaona zonanda pang'ono, zosakanikirana ndi timagazi. Ndinadziuza kuti ndi kutopa, popeza dzulo lake ndinaima tsiku lonse. Alamu ako anandiyang'ana ndikumwa tiyi n'kufunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndili bwino, apite asachedwe. Anapita, inenso ndinavala n'kupita kusaluni.

Saluni yathu sunaione. Ndi chipinda chimodzi chopapatiza, pakati pa telala ndi malo okonzera mafoni. Muli magalasi awiri, mipando itatu, sinki yotsukira mitu, ndi draya imodzi yolira ngati chigayo. Tsiku limenelo madamu eni saluni anapita kukaoda meshi ndi mafuta, mnzanga amene timaluka naye anali kumaliro, ndiye ndinali ndekha.

Kasitomala woyamba kulowa anali amene tonse timamuthawa. Ndi mayi wathupi, wamawu aakulu, amaweta nkhuku ndipo amagulitsa mazira m'magolosale ndi kagalimoto kake kotsegula kumbuyo. Kusaluni timawatcha a Fulumirani, chifukwa mawu amenewo amawanena asanapereke n'komwe moni. Poluka amayang'anitsitsa pagalasi n'kumawerenga mizere, ndipo ukangoima kuti ukande pamphuno amafunsa ngati wapita kutchuthi. Tsiku limenelo anafuna mizere ing'onoing'ono mutu wonse, chifukwa mawa lake mwana wawo woyamba amakalandira digiri, ndipo akuti sankafuna kuoneka pachithunzi ngati nkhuku yonyowa.

Ndinayamba kuluka kuchokera kumanzere. Nditaluka pang'ono, chinthu chija chinabwera. Chinayambira kumsana, n'kuzungulira, mimba n'kuuma. Ndinatsamira pampando n'kunamizira kufuna chipeso. Chitapita ndinapitiriza. Chitabweranso ndinanamizira kumasula meshi. Ndinamwa madzi botolo lonse, ndinapita kukakodza, ndinakoka kampando n'kumaluka nditakhala. Sichinasinthe. Mawu a mzamba aja ndinkawakumbuka onse, koma kuseka kwa pampopi kunkamveka kwambiri m'makutu mwanga kuposa iwo.

A Fulumirani anapirira mpaka pomwe akanathera, kenako anaphulika. Anati iwo akhala akuwerenga, ndipo ine ndikuwachedwetsa dala. Poyamba ndimaluka mizere inayi n'kuima, kenako itatu n'kuima, tsopano iwiri yokha n'kuima, ndiye pamenepa mutu wawo utha chaka chamawa. Anati ali ndi mazira pagalimoto, dzuwa likuwaphika, ndipo ngati ndatopa ndinene apite kwina.

Mawuwo sanawamalize bwino. Anangondiyang'ana pagalasi. Ndinaona maso awo akuchoka pamizere n'kubwera pankhope yanga. Anadikira ndiluke mzere wina, kenako mofatsa, mawu amene sindinawamvepo kukamwa kwawo, anandifunsa kuti amuna anga amagwira ntchito yanji, ngakhale ankadziwa kale. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti amapenta nyumba, koma chinthu chija chinali chitafika. Ndinangogwira tsitsi lawo n'kutseka maso. Mawu awiri okha amenewo anandikanika.

Anatembenuka ndi mpando womwe n'kuika dzanja pamimba panga. Anadikira mpaka inafewa. Anafunsa kuti zikuyambira kuti, ndinati kumsana. Anafunsa kuti zayamba liti, ndinati m'mawa. Anafunsa ngati ndaona china chilichonse pokasamba, ndipo ndinawauza. Anaimirira, thaulo lili paphewa, theka la mutu lili mizere yokongola, theka linalo lili nyankhalala ngati tchire.

"Tseka saluni, mwana iwe. Tiye."

Ndinakana, mng'ono wanga. Ndinati ndabwezedwako kale kawiri, anthu akundiseka, andilole ndimalize mutu wawo kaye kenako tione. Ndinati mwina ndi zoyeserera zomwe zija, komanso madamu akapeza potseka akwiya. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Anthu akukusekawo ndi amene akuberekere? Ine ndabereka anayi. Zoyeserera siziwerenga mizere. Mutu wangawu suthawa, tiye."

Anatseka okha chitseko, kiyi n'kusiyira telala. Anandikweza kutsogolo kwa kagalimoto kaja. Tsono udziwe kuti mayi ameneyu, ngakhale amafulumizitsa anthu onse, pamsewu amayenda ngati kamba chifukwa cha mazira. Tsiku limenelo anaiwala. Ankaliza hutala, mutu uli pawindo, akukalipira a minibasi kuti apatuke, ndipo anthu ankapatuka mwina chifukwa choopa tsitsi lija. Kumbuyo ndinkamva mathireyi akugundana. Pakati pa ululu ndinkaseka, ululu ukabwera ndinkaluma thaulo lawo. Ndi dzanja limodzi anatenga foni yanga n'kuimbira alamu ako, ndipo anangowauza kuti atsike pomwe akwerapo abwere kuchipatala.

Tili pafupi ndi msika, pomwe magalimoto amathinana, nsupa inasweka. Ndinamva kutentha kukutsika m'miyendo, ndipo choyamba chimene ndinaganiza n'chakuti ndawaonongera mpando. Ndinayamba kupepesa. Iwo anayang'ana pansalu yanga. Madziwo sanali oyera, anali obiriwira moderako. Ine sindinkadziwa tanthauzo lake. Koma a Fulumirani anasiya kukalipa, anasiya kulankhula, n'kugwira chiwongolero ndi manja awiri. Kukhala chete kwawoko ndi kumene kunandiopsa kuposa ululu.

Kuchipatala tinapeza mzamba yemwe uja wa magalasi. Atandiona anayamba kumwetulira, koma ataona nsaluyo anaitana anzake. Anandigoneka chakumanzere, anandiika diripi, n'kumvetsera mtima wa mwana mobwerezabwereza. Anandiuza mosabisa kuti mwana wachita chimbudzi ali m'mimba, ndipo nthawi zina zimenezi zimasonyeza kuti watopa. Anati njira yatseguka kale kwambiri, kusonyeza kuti matenda anayamba kalekale. Anaitanitsa adokotala kuti akhale pafupi, ngati zingavute andithamangitsire kuopaleshoni. Kenako anandigwira dzanja n'kuti tsopano ndimvere iye yekha, akati ndipume ndipume, akati ndikankhe ndikankhe.

Za ululu sindikuuza zambiri, udzazionera wekha, ndipo udzatha monga tonse timathera. Ndinachira dzuwa lisanalowe. Koma mwana atatuluka sanalire.

Anamudula mchombo mwachangu n'kuthamangira naye patebulo lapakona. Ine ndinkangoona misana yawo. Ndinkamva akumupukuta, akumuyamwa zam'kamwa ndi kachipangizo, akumupopera mpweya. Palibe ankalankhula mokweza. Ndinafunsa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, palibe anayankha. Ndikukumbuka kuti maso anga anakakamira pa chidendene cha mzamba uja, chimene chinali chitatuluka munsapato chifukwa choimira zala. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinapemphera pemphero lopanda mutu, ndikungoti chonde, chonde.

Kenako kunamveka kamawu kakang'ono, ngati ka mwana wa mphaka. Kanaleka, n'kuyambanso mokwererapo. Mzamba uja anatembenuka, magalasi ali pansonga ya mphuno, n'kuti ndi mtsikana, ndipo wayamba kale kudandaula.

Anamusunga kuchipinda cha ana kwa masiku angapo, ali ndi timachubu ta mpweya m'mphuno, akumubaya jakisoni kuopa kuti zoipa zija zinalowa m'chifuwa. Ine ndinkafinyira mkaka m'kapu n'kumakamupatsa. Tsiku limene anamuchotsa timachubuto n'kundiikira pachifuwa, anafunafuna bere yekha n'kuligwira. Panopa amayamwa ngati pali wina akufuna kumulanda, ndipo kusikelo akuti akukwera bwino. Usade nkhawa, ndi wamphamvu, ndipo mphuno ndi ya amayi yeniyeni.

Tsiku lotuluka, mzamba uja anabwera pabedi panga. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, koma sanatero. Anangofunsa chimene ndinachedwera, ndipo ndinamuuza za pampopi. Anapukusa mutu. Anati ndikanamaliza mutu wa kasitomala uja, mwina tikanakamba nkhani ina. Anatinso pa zaka zonse zimene wagwira ntchitoyi, amayi amene amawabweza sanamusowetsepo tulo. Amene amamusowetsa tulo ndi amene amafika mochedwa, ndi amene safika n'komwe.

Ndikuuzeko za panja, zimene anandifotokozera alamu ako. Akuti atafika, thukuta lili kamukamu, anapeza pabenchi mayi wina atamanga thaulo kumutu, ndipo anayesa ndi wodwala. Mayiyo anawayang'ana penti ili m'manja n'kufunsa ngati iwo ndi opentawo. Atavomera, anawafunsa kuti chikwama cha mwana chili kuti. Chinali kunyumba. Chikwama chimene chinayenda maulendo awiri achabe chinaphonya ulendo weniweni. A Fulumirani anawakweza pagalimoto kukachitenga, n'kubwerera nawo, ndipo sanachoke pabenchipo mpaka anamva kuti mwana walira. Mazira tsiku limenelo sanafike kugolosale ina iliyonse, ndipo mathireyi am'munsi anasweka.

Kumwambo wa mwana wawo anapita atamanga duku. Anabwera kudzandionetsa chithunzi kuno kunyumba, atanyamula mazira ndi sopo. Ndinapepesa za mpando, za mazira ndi za mutu, ndipo ndinati akhale pansi ndiwamalize pomwepo. Anakana. Anati ndiyambe ndalimba msana, ndisafulumire. Nditawauza madamu kusaluni kuti mawu amenewo atuluka kukamwa kwa mayi ameneyu, akuti ndikunama. A Fulumirani mwanayu amamunyamula ngati mdzukulu wawo, ndipo ndi iwo anayamba kumutcha Kadzira, dzina limene lamamatira pabwalo lonse.

Alamu ako sanalankhule za m'mawa uja mpaka titafika kunyumba. Tsiku lina akupinda matewera anangoti zinawapweteka kuti anandifunsa ndipo ndinati ndili bwino. Anati iwo kutsika pamakwerero kakhumi sakanadandaula, makwerero sathawa. Sanakweze mawu. Ndinangowathandiza kupinda.

Amayi apampopi aja ndi amene akundichapira tsopano. Aneba a khomo lachiwiri, omwe aja anafunsa ngati mwana tamuiwala, amabwera m'mawa uliwonse kudzamusambitsa. Tsiku lina akumupukuta anandiuza okha kuti pa mwana wawo woyamba anabwezedwa katatu, ndipo ulendo wachitatuwo apongozi awo anakana kuwaperekeza. Ndinawafunsa kuti nanga ine ankandisekeranji. Anati iwonso anasekedwa, ndi mmene zimakhalira. Si anthu oipa, mng'ono wanga. Pakamwa pawo pamangoyenda pokha, ndipo akaseka amaiwala, pomwe wosekedwa amasunga.

Tulo ndiye ndinaiwala maonekedwe ake. Kadzira amagona masana onse ngati bwana, ndipo ife tikati tigone iye amayamba ntchito. Koma walira mvula walira matope, sindikudandaula.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Iwe uli kutali ndi chipatala kuposa mmene ndinaliri ine. Pakati pali mtsinje uja, mvula yayandikira, ndipo amuna ako ali ndi njinga yokha. Kumeneko kulibe galimoto ya mazira imene ingakupeze pakhomo. Ndikukupempha kuti mwezi wachisanu ndi chinayi ukangolowa, usadikire ululu. Longedza upite ukadikirire kuchipatala komweko, kumalo kumene amasunga oyembekezera, kapena ukakhale kwa azakhali amene ali pafupi nacho. Munda ulimidwa ndi ena. Amuna ako sadzafa ndi kudziphikira.

Pakali pano mimba izikuuma, usaope, zambiri ndi zoyeserera. Imwa madzi, gona chammbali, uone ngati zitha. Koma zikamabwera motsatana, mpata ukuchepa, msana ukukoka ngati kumwezi, ndipo sizikumva kupuma, nyamuka ngakhale masiku ako asanakwane, makamakanso ngati sanakwane. Mzamba uja anandiuzanso zimene sizidikira n'komwe kuwerenga: nsupa ikasweka, ukaona magazi, mwana akachepetsa kusewera, mimba ikapweteka osalekeza, kapena mutu ukakupweteka kwambiri maso n'kumachita chidima. Za miyendo yotupayo ukanene kusikelo akakuyeze kuthamanga kwa magazi, usangoti ndi za mimba. Ndipo akakubweza, bwerera mutu uli m'mwamba. Akakubwezanso, bwereranso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndiye ine ndakuonera kale.

Ndikudziwa kuti amayi anena kuti iwo anatiberekera pakhomo tonse, ndipo sanagonepo pakhonde la chipatala kudikira mwana ngati munthu wodikira basi. Usakangane nawo. Anapirira zambiri, ndipo kupirira n'kumene anali nako koti atiphunzitse. Ungowawerengera ndime ija ya mwana wosalira, pang'onopang'ono, muli awiri. Iwe sukudziwa bwino chifukwa unali usanabadwe, koma pakati pa ine ndi iwe panali mlongo wathu amene sitinamuone. Ine ndinali wamng'ono, ndimangokumbuka amayi ambiri m'nyumba, ine atandikhazika panja, ndipo palibe mwana analira. Amayi sanenapo za tsiku limenelo, koma chete ameneyo amamudziwa kuposa ine. Ndikhulupirira kuti akamva, adzakumangira okha katundu, mwinanso adzakuperekeza.

Amene wabweretsa kalatayi ndamupatsira kaphukusi. Muli matewera amene Kadzira sanawagwiritse, tizipewa tiwiri, ndi bulangete laling'ono limene alamu ako anasankha okha. Mtundu wake usaseke, munthu wopenta ali ndi maso akeake. Mulinso mafuta opaka pabondo la amayi.

Undiperekere moni kwa amayi, uwauze kuti mdzukulu wawo akangolimba khosi tibwera naye adzaone mphuno yawo. Moni kwa amuna ako, uwauze kuti apope matayala a njinga ndipo foni isamakhale yozima. Moni kwa azakhali, amene ndikuwathokozeratu, kwa amalume ndi chifuwa chawo, kwa achimwene ndi alamu, ndi kwa ana onse apakhomo. Alamu ako akupereka moni, ndipo akuti ukachira adzabwera kudzakupentera chipinda.

Ndikudikira uthenga wako, mng'ono wanga. Ndikufuna udzandiimbire foni ine osamva n'komwe zimene ukunena, chifukwa cha phokoso la mwana akulira pambali pako.

Tsala bwino, ndipo Mulungu akusunge nonse awiri.

Ndine mkulu wako,
Amake Kadzira